Maungu sayambitsa chilungulira kwa ambiri, koma si mankhwala

A Mkonzi,

Ndiloleni kadanga m'nyuzipepala yanu kuti ndiikepo mlomo pa funso limene ife ovutika ndi chilungulira timafunsana kawirikawiri: kodi maungu tizidya kapena tiziwapewa? Ine ndi mmodzi wa anthu amenewa, ndipo vutoli ndakhala nalo zaka zambiri. Ndisanapume pa ntchito ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale, choncho nkhani za asidi ndimazitsatira ndi chidwi, ndipo zina zimene ndikumva masiku ano zikundikhalitsa ndi nkhawa.

Uphungu umene timalandira uli pawiri. Mlongo wanga, amene chikondi chake amachionetsa pondiletsa zinthu, amati dzungu ndisamaliyandikire n'komwe, chifukwa kwa iye chilichonse chotsekemera chimawotcha pachifuwa. Mnzanga wina amene tinkaphunzitsa limodzi ali tsidya lina. Iye anamva kuti maungu amazimitsa asidi m'mimba, basi analeka kumwa mankhwala amene anampatsa kuchipatala n'kuyamba kudalira dzungu m'mawa, masana ndi madzulo. Onse awiri amayankhula motsimikiza ngati anaona ndi maso awo. Ine ndikuti onse aphonya, koma kuphonya kwa mnzangayu n'kumene kungaphetse munthu.

Maganizo anga ndi akuti kwa anthu ambiri a chilungulira, dzungu lophika m'madzi kapena lowotcha popanda mafuta ambiri ndi chakudya chofatsa, ndipo palibe chifukwa choliopera. Koma kufatsa si kuchiritsa. Ndipo nthawi zambiri pamene munthu wadya maungu n'kugona akupsa pachifuwa, mlandu sukhala wa dzungulo. Umakhala wa zimene analiphikira nazo, kuchuluka kwa zimene anadya, kapena nthawi imene anadyera.

Kuti zimenezi zimveke, tiyambire m'mimba momwemo. Chifu cha munthu aliyense, wodwala ndi wosadwala yemwe, chimapanga asidi wamphamvu wotchedwa hydrochloric acid. Asidiyu amathandiza kugaya zakudya zomanga thupi, komanso amapha tizilombo tambiri tolowa ndi chakudya. Chifucho sichipsa naye chifukwa mkati mwake ndi mokutidwa ndi zinthu zonanda zochiteteza. Mmero, njira imene chakudya chimatsikira, ulibe chitetezo chotere. Pamene mmero wakumanira ndi chifu pali mnofu wozungulira umene umatseguka chakudya chikamatsika, kenako n'kutsekanso. Mnofu umenewu uli ngati chingwe chomangira pakamwa pa thumba. Chikamanga zolimba, ngakhale thumbalo mutaligoneka, za mkati sizitayika. Koma chikakhwefuka, kapena thumbalo mukalidzaza mopitirira muyezo, kapena wina akalikhalira, za mkati zimatuluka. Zikatero asidi amakwera kummero, ndipo kutentha kuja kumene timamva kuseri kwa fupa la pachifuwa, ndi madzi owawasa aja amene amafika kukhosi tikageya, n'kumene timati chilungulira.

Tsono vuto la ambiri a ife si lakuti chifu chathu chimapanga asidi wochuluka kuposa cha anzathu ayi. Ndi lakuti asidiyo akufika kumene sayenera kufika. Munthu akamvetsa zimenezi, chakudya chilichonse angachifunse mafunso omveka. Kodi chimakhwefula mnofu uja? Kodi chimachedwa kuchoka m'chifu? Kodi chimaluma mmero umene wapsa kale? Dzungu pa mafunso onsewa limatuluka bwino, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Ndiyambe ndi zonena za mnzanga uja, zoti maungu ndi alkaline, kutanthauza otsutsana ndi asidi, ndiye amapha asidi. Mphamvu ya asidi timaiyeza pa sikelo ya pH, imene imachokera pa 0 kufika pa 14. Nambala ikamachepa ndiye kuti asidi ndi wamphamvu. 7 ndi pakatikati, ndipo zoposa 7 ndizo za alkaline. Madzi a m'chifu amakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5. Madzi a mandimu ali cha pa 2 mpaka 2.6, a malalanje cha pa 3.3 mpaka 4.2, tomato cha pa 4.3 mpaka 4.9. Nanga dzungu? Lili cha pa 4.9 mpaka 5.5. Nambala imeneyo ndi yochepera 7. Dzungu si alkaline, lili ndi kaasidi kake ngati mmene zilili ndiwo zamasamba zambiri. Chimene chili choona n'chakuti kaasidiko ndi kofooka kwambiri. Pa sikelo imeneyi, kusiyana kwa nambala imodzi kumatanthauza kusiyana kwa mphamvu ka 10, choncho chinthu cha pH 5.3 ndi chofooka ka 1,000 poyerekeza ndi cha pH 2.3. N'chifukwa chake dzungu siliwawa likamadutsa pa mmero wopsa monga amachitira mandimu. Koma kuti lizimitse asidi wa m'chifu ngati mmene amachitira mankhwala, izo sizingatheke, ndipo mwana wa fomu 2 amene anamvetsera m'kalasi angakuuzeni.

Pali china chimene ndinkakonda kuwazunguza nacho mitu ana asukulu. Khofi wakuda ali ndi pH ya cha pa 5, pafupifupi yofanana ndi ya dzungu. Komatu ambiri a ife khofi amatiwotcha pamene dzungu silitero. Izi zikusonyeza kuti kuwawasa kwa chakudya si nkhani yonse. Khofi amavutitsa chifukwa amasonkhezera chifu kupanga asidi, ndipo kwa ena amakhwefula mnofu uja. Chokoleti, timbewu tonunkhira totchedwa peppermint, mowa ndi fodya nazonso zimadziwika kuti zimakhwefula mnofuwo, ngakhale kuti palibe amene angati chokoleti ndi wowawasa. Choncho amene amagawa zakudya m'magulu awiri okha, za asidi ndi za alkaline, n'kumati akonza vuto la chilungulira, angokhudza pamwamba chabe.

Ubwino weniweni wa dzungu uli pa zimene mulibe. Malinga ndi ziwerengero za unduna wa zaulimi wa ku America, USDA, mu magalamu 100 a dzungu laliwisi muli madzi pafupifupi magalamu 92, makalori 26, ndipo mafuta ndi magalamu 0.1 okha. Mafuta ndiwo mdani wamkulu wa munthu wa chilungulira. Amachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, ndipo amachititsa thupi kutulutsa timadzi tina timene timafooketsa mnofu wotseka uja. Chakudya chamafuta chimakhala m'chifu nthawi yaitali, khomo lili lotseguka pang'ono. Dzungu lilibe vuto limeneli. Likapsa limafewa, silifuna kutafuna kwambiri, limakhutitsa msanga chifukwa cha madzi ndi faiba, ndipo mtundu wake wachikasu uja umachokera ku beta-carotene, amene thupi limamusandutsa vitamini A. Kutsekemera kumene mlongo wanga amakuopa n'kochepa. Zakudya zopatsa mphamvu zonse pamodzi m'magalamu 100 aja ndi magalamu 6.5 basi, ndipo shuga ndi gawo chabe la amenewo.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amalumbira kuti maungu amawawotcha? Sindiwatsutsa kuti amamva kutentha. Ndimangowapempha kuti ayang'ane m'poto. Dzungu ndi chakudya chimene anthu sakonda kuchisiya chokha. Wina amalikazinga m'mafuta ambiri pamodzi ndi anyezi, adyo, tomato ndi tsabola. Wina amalipota n'kuthiramo batala, kirimu kapena mkaka wamafuta, n'kuwonjezera shuga. Zonse zimene ndatchulazi ndi zodziwika kuti zimadzutsa chilungulira mwa anthu ambiri. Munthu akadya zimenezi n'kuvutika usiku, m'mawa amati, "Maungu aja andichita." Anyezi ndi mafuta aja amapulumuka pa mlandu chifukwa sanali kuoneka m'mbale.

Ndiponso tizisamala ndi uphungu wochokera kumayiko kumene dzungu amalidya mwanjira ina. Ku America, munthu akati wadya dzungu nthawi zambiri amanena chitumbuwa chake chija chokhala ndi mazira, mkaka wokhuthala, shuga wambiri ndi zonunkhiritsa, kapena khofi wa mkaka wothira zonunkhiritsa zomwezo. Kampani ya Starbucks inayamba kugulitsa khofi wotereyu m'dzina la dzungu mu 2003, koma dzungu lenileni inayamba kuthiramo mu 2015. Kwa zaka zoposa 10 anthu ankamwa chakumwa cha dzungu chopanda dzungu. Wachilungulira amene anapsa nacho pachifuwa akanaloza chala dzungu, akanaliputa dala.

Nthanga za maungu ndi nkhani ina, ndipo apa mlongo wanga ali ndi kamfundo. Nthanga zouma zosenda zili ndi mafuta pafupifupi magalamu 49 pa magalamu 100 alionse, ndi makalori oposa 550. Theka lake ndi mafuta. Ndi chakudya chabwino zedi, chomanga thupi, chokhala ndi magnesium ndi zinc, koma si chofanana ndi mnofu wa dzungulo. Kadzanja kamodzi masana sikandivuta. Koma nthanga zokazinga zothira mchere zili ndi khalidwe losalola dzanja kupuma, ndipo munthu akakhala nazo madzulo akucheza, amazindikira mbale itatha. Usiku umenewo sagona.

Tsopano ndifike pa zimene ndikuona kuti n'zazikulu kuposa mtundu wa chakudya, ndizo muyezo ndi nthawi. Chakudya chofatsa bwanji, mukachidya mpaka lamba kuthina, chifu chimatambasuka, ndipo chikatambasuka mnofu uja umatsegukatseguka wokha kuti mpweya utuluke. Asidi amatulukira pomwepo. Dzungu lili ndi msampha wake pano: poti ndi lofewa ndipo anthu amati ndi labwino, munthu amadya magawo atatu pamene akanadya limodzi. Ena likachuluka limawatupitsa m'mimba, ndipo mpweya umenewo umakankha za m'chifu kuti zikwere.

Ineyo ndimalidya chonchi. Mayi a kunyumba amalidula zidutswa, kuchotsa nthanga ndi ulusi wa mkati, n'kuliika m'poto ndi madzi ochepa, ongokwanira kuti nthunzi ilifewetse. Amavundikira mpaka mpeni uzilowa wokha. Kamchere pang'ono, basi. Ndimadya zidutswa ziwiri zapakatikati, lisanazizire koma litasiya kutentha kwambiri, nditakhala tsonga, ndipo ndikatha sindikagona pa mpando wautali ngakhale tulo titandigwira bwanji. Ndimayendayenda pang'ono pabwalo. Likadyedwa motere, dzungu ndi chimodzi mwa zakudya zimene ndimazidalira pa masiku amene pachifuwa pavuta. Koma dzungu lomwelo ndikalidya mochedwa n'kukalowa m'bulangete nthawi yomweyo, pakati pa usiku ndimadzidzimuka ndi madzi owawa kukhosi, ndikutsokomola, mawu atasasa. Dzungu ndi lomwelo, poto ndi yemweyo, chasintha ndi ola.

Izi si zanga ndekha. Mu 2006, madokotala a pa yunivesite ya Stanford anasanthula kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza kusintha kadyedwe ndi kakhalidwe pofuna kuthana ndi chilungulira, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa m'magazini ya Archives of Internal Medicine. Anapeza kuti njira zimene zinali ndi umboni wooneka ndi kuchepetsa thupi ndi kukweza kumutu kwa bedi. Umboni woti kusiyiratu zakudya monga khofi, chokoleti kapena malalanje kumathetsa matendawa sunali wokwanira. Izi sizikutanthauza kuti zakudyazo n'zosalakwa kwa aliyense, koma kuti mndandanda umodzi wa zoletsedwa sungakwanire anthu onse. M'chaka chomwecho, magazini ya New England Journal of Medicine inatulutsa kafukufuku wa anamwino achizimayi oposa 10,000 a ku America, amene anasonyeza kuti chilungulira chimawonjezeka thupi likamakula, ngakhale mwa anthu amene sitingawatchule kuti ndi onenepa. Mimba ikakula imapanikiza chifu. N'chifukwa chakenso amayi oyembekezera ambiri amavutika nacho, kuphatikizapo kuti timadzi ta m'thupi ta nthawi imeneyo timafewetsa mnofu uja.

Malangizo a bungwe la madokotala a matenda a m'mimba la American College of Gastroenterology a chaka cha 2022 akutsata mzere womwewo. Akuti onenepa achepetse thupi, tisadye patatsala maola 2 kapena 3 kuti tigone, tisiye fodya, tikweze kumutu kwa bedi, ndipo aliyense apewe zakudya zimene waona kuti zimamudzutsira iyeyo vutoli. M'malangizo amenewa dzungu silikutchulidwa monga mankhwala. Ngati lingathandize munthu pa nthawi yaitali, lingathandize mwa njira yozungulira: likalowa m'malo mwa zakudya zokazinga, munthu amadya mafuta ochepa ndi makalori ochepa, thupi limatsika, ndipo chifu chimapeza mpata. Umenewo ndi ubwino weniweni, koma si umene mnzanga uja akuganiza.

Pa za bedi ndiimepo pang'ono, chifukwa ambiri amalakwitsa. Kusanjikiza mapilo sikuthandiza kwenikweni. Mapilo amangopinda khosi ndi msana, mimba n'kupanikizika, nthawi zina vuto n'kukula. Chofunika n'chakuti thupi lonse lakumtunda lipendekeke. Langa ndinaika njerwa pansi pa miyendo iwiri yakumutu, kuti ikwere masentimita 15 mpaka 20. Usiku woyamba munthu umamva ngati ukutsetsereka, ndipo mayi a kunyumba anadandaula ndithu, koma thupi limazolowera. Kugonera kumanzere kumathandizanso, chifukwa chifu chinapendekera kumanzere, ndiye ukagonera mbali imeneyo madzi a m'chifu amadikha kumunsi kwa khomo lija. Ukagonera kumanja amakhala pakhomo penipeni.

Amene akukayikabe dzungu angathe kudziyesa okha, ndipo sizifuna ndalama. Aphike dzungu lokha, lopanda mafuta, anyezi kapena mkaka. Adye pang'ono masana, asaphatikize ndi khofi, zakumwa za gasi kapena china chimene akudziwa kale kuti chimawavuta. Alembe m'kabuku zimene adya, nthawi yake, ndi mmene amvera. Abwereze masiku angapo, chifukwa tsiku limodzi lingathe kunamiza. Mwina tsikulo munthu anali ndi nkhawa, kapena anawerama nthawi yaitali atangodya. Ngati nthawi zonse dzungu lokhalo likuwotcha, alisiye, palibe lamulo loti munthu adye maungu. Matupi amasiyana. Koma asamaletse mudzi wonse chifukwa cha mimba yake imodzi.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi anthu amene amachotsa chakudya china chilichonse chimene wina wawauza, mpaka kutsala ndi zinthu ziwiri kapena zitatu. Lero asiya zipatso, mawa nyemba, mkuja maungu. Munthu amawonda, magazi amachepa, chilungulira chili pomwepo, chifukwa akudyabe usiku kwambiri ndipo fodya sanasiye. Kudzimana kotere kumaoneka ngati kusamala, koma ndi matenda ena owonjezera.

Ndinenepo za njira zina zimene timathamangira kutentha kukayamba. Mkaka umaziziritsa kwa kanthawi, koma mafuta ndi zomanga thupi za mumkakamo zimachititsa chifu kupanga asidi wina, ndiye kwa ambiri kutentha kumabweranso. Soda wophikira amazimitsadi asidi, ameneyo ndiye alkaline weniweni. Koma aliyense amene anaonapo zimene zimachitika soda akakumana ndi viniga, thovu lija limene ndinkasangalatsa nalo ana m'kalasi, adziwe kuti zomwezo zimachitika m'chifu. Mpweyawo umatupitsa mimba, umageyetsa, ndipo soda ali ndi sodium wambiri amene si wabwino kwa a BP, a mtima ndi a impso. Si chinthu chomwa tsiku ndi tsiku.

Mankhwala a kuchipatala ali m'magulu. Ena, monga magnesium trisilicate ndi aluminium hydroxide, amazimitsa asidi amene alipo kale, ndipo amagwira msanga koma kwa nthawi yochepa. Ena, monga omeprazole, amene anayamba kugulitsidwa mu 1988, amachepetsa kapangidwe ka asidi. Awa ambiri timamwa molakwika, pamene kutentha kwayamba kale. Amagwira bwino akamwedwa mphindi 30 mpaka 60 munthu asanadye, makamaka m'mawa, ndipo madokotala kawirikawiri amayamba ndi masabata 8 kuti mmero upole. Munthu amene wamwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi, asidi amatha kubwera mwamphamvu kuposa kale kwa kanthawi. Ndiye kusiya kuzikhala kokambirana ndi dokotala, osati chifukwa dzungu lapsa. Amene akusungabe ranitidine, mankhwala enanso ochepetsa asidi, m'kabati adziwe kuti mu 2020 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linapempha kuti achotsedwe pamsika chifukwa munapezeka NDMA, mankhwala amene akuganiziridwa kuti angayambitse khansa. Komanso tisaiwale kuti mapiritsi ena ndi amene amayambitsa kutenthako. Aspirin, ibuprofen ndi diclofenac amakanda chifu ndi mmero. Doxycycline akamezedwa ndi madzi ochepa munthu n'kugona pomwepo, amatha kumatirira kummero n'kupanga chilonda. Mankhwala ena a BP, monga nifedipine, amakhwefula mnofu uja. Munthu asawasiye yekha, koma auze dokotala. Ndaonapo anthu akufufuza mlandu m'mbale pamene uli m'botolo la mapiritsi pambali pa bedi.

Chinanso, chilungulira ndi zilonda za m'mimba si chinthu chimodzi, ngakhale timazisakaniza poyankhula. Zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakatulukira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Anzawo sanawakhulupirire, mpaka Marshall anachita kumwa madzi okhala ndi tizilomboto mu 1984 n'kudwala kuti atsimikizire. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Kachilomboka kamafa ndi mankhwala opha mabakiteriya. Dzungu lingamusangalatse wodwalayo pakamwa ndi m'mimba, koma kachilomboko silikagwedeza.

Pali anthu ochepa amene ayenera kusamala ndi dzungu pa zifukwa zosakhudzana ndi asidi. Lili ndi potassium wochuluka ndithu, mamiligalamu 340 pa magalamu 100 a laliwisi, choncho odwala impso amene anauzidwa kuchepetsa potassium afunse kaye. Amene amadya kwambiri tsiku ndi tsiku, ngati mnzanga uja, angaone zikhatho ndi mapazi zikusanduka zachikasu. Zimenezo ndi beta-carotene chabe, zimatha munthu akachepetsa. Koma maso akasanduka achikasu, imeneyo ndi nkhani ya chiwindi, athamangire kuchipatala. Ndipo dzungu lowawa ngati ndulu musalimeze, ngakhale mutalithira shuga. Kuwawako kumachokera ku cucurbitacin, poizoni amene nthawi zina amapezeka mu maungu ndi abale ake, makamaka ongomera okha, ndipo kuphika sikumuchotsa. Amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa.

Chimene chandikakamiza kwenikweni kutenga cholembera, a Mkonzi, ndi ichi. Chilungulira cha apo ndi apo pafupifupi aliyense amachimva, ndipo si choopsa. Koma chikamabwera kawiri kapena kuposa pa sabata, kwa milungu yambiri, chimakhala matenda ofunika kuonedwa. Asidi akamatsuka mmero zaka ndi zaka amatha kupanga zilonda, zipsera zimene zimachepetsa njira ya chakudya, kapena kusintha khungu la mkati mwa mmero, vuto lotchedwa Barrett's oesophagus, limene mwa anthu ochepa limatsogolera ku khansa. Apa ndi pamene kufewa kwa dzungu kungasanduke msampha woipitsitsa. Munthu amayamba kumva chakudya cholimba chikuima pachifuwa. M'malo mopita kuchipatala, amasamukira ku zofewa. Dzungu lopota likutsika bwino, iye n'kumati, "Mwaona, maungu akundithandiza." Miyezi ikupita. Kenako dzungu nalonso limayamba kuima, atsala ndi zamadzimadzi, ndipo akamafika kwa dokotala nthawi yatha kale. Chakudya kuima pommeza si chilungulira wamba, ndipo si chinthu choyembekezera kuti tione mawa.

Zizindikiro zina zosafunika kuzengereza ndi kumva kupweteka pomeza, kuwonda popanda chifukwa, kusanza kosalekeza, kusanza magazi kapena zinthu zakuda ngati matsokwe a khofi, chimbudzi chakuda bii chonata, ndi kufooka kosonyeza kuchepa kwa magazi. Chilungulira chongoyamba kumene munthu atakula kale nachonso chimafuna kupimidwa. Ndipo kupweteka kwa pachifuwa kokhala ngati wina wakukhalira, kofalikira kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, kobwera ndi thukuta kapena kubanika, kungakhale kwa mtima. Anthu ena ataya moyo akumwa soda, akuganiza kuti ndi asidi.

Mnzanga uja ndinamuuza zonsezi pamaso. Anandiseka, nati aphunzitsi sitipuma pa ntchito. Dzungu sindinamuletse, ndinangomupempha kuti abwerere kwa amene anamulembera mankhwala akawauze kuti anasiya, ndiponso chifukwa chake. Mlongo wanga yekha sanasinthe maganizo, ndipo akabwera kudzacheza timabisa poto.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti pa tsamba lanu la zaumoyo mukamalemba za zakudya zothandiza pa matenda ena alionse, muzifunsa dokotala kapena katswiri wa kadyedwe, ndipo muzinena momveka ngati chakudyacho chikuchiritsa kapena chikungokhala chosavulaza. Pa chilungulira makamaka, zizindikiro zoopsa zija muzizisindikiza pambali pa nkhaniyo nthawi zonse, m'zilembo zazikulu zoti ife a maso otopa tiziwerenga popanda magalasi.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito